Wotchi ya M'chifuwa cha Mkamwana

Mukakhala pafupi ndi Keziya Mwangomba pamalo opanda phokoso, munkamva kanthu kakugunda ngati wotchi ya pamkono: tiki, tiki, tiki. Alendo ankayamba kumuyang'ana pamkono, osapezapo kanthu, kenako n'kumafufuza pakhoma. Iye ankawasiya dala kuti avutike pang'ono, poti anali munthu wanthabwala, ndipo akaona kuti atopa ankaloza pachifuwa pake. "Ili muno," ankatero. "Ndiye ubwino wake siifuna batire."

Ankaseka, anthu n'kuseka naye. Koma kunena zoona, panalibe tsiku limene Keziya sanachite nayo mantha wotchiyo.

Anabadwira kumidzi ya kumpoto kwa boma la Karonga, kwa anthu a ng'ombe ndi nthochi. Ali ndi zaka khumi anadwala zilonda za pakhosi, kenako maondo ndi zigongono zinatupa mwezi wathunthu. Anachira, anthu n'kuiwala, osadziwa kuti matendawo anali ataluma mtima n'kusiyamo chipsera. Mtsikanayo anakula, anakhoza sukulu, anaphunzira zauphunzitsi, boma n'kumutumiza ku Blantyre. Kumeneko anakumana ndi mnyamata wakwawo, Yotamu Mwangomba wa ku Mwenilondo, kalaliki pa kampani ina ya ku Limbe. Anakwatirana, nabereka mwana mmodzi, Ruth.

Matenda aja anadzuka mu 1985. Keziya ankati akalemba mizere itatu pabolodi, befu, mpaka kutsamira khoma ana akumuyang'ana. Madokotala anati kachitseko kena ka mumtima, kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya magazi, kanali katatha ntchito. Chaka chotsatira anamutumiza ku Joni, komwe anamung'amba pachifuwa, nachotsa kachitseko kowonongekako n'kuikapo kachitsulo. Kachitsuloko ndiko kankagunda.

Anabwerako ndi moyo, komanso ndi kabuku kachikasu kodzaza ndi malamulo. Magazi sakondana ndi chitsulo. Akachipeza amafuna kuundana pomwepo, ndipo akaundana pa kachitsekoko munthu wapita. Choncho tsiku lililonse, sikisi koloko madzulo, Keziya ankameza kapiritsi kotchedwa wafarini, kosungunula magazi. Vuto lake n'lakuti kapiritsiko kalibe chibale. Kakachepa mphamvu magazi aundana, kakachuluka munthu atha kufa ndi kabala ka lumo. Njira yodziwira pamene zinthu zili inali imodzi yokha: kukayezetsa magazi mwezi ndi mwezi, adokotala n'kulemba nambala m'kabukumo, n'kunena kuti onjezerani kapena chepetsani. Nambalayo inkayenera kukhala pafupi ndi 3. Patsamba loyamba panalembedwanso zinthu zoletsedwa, ndipo pamwamba pa zonse panali asipirini, ali ndi mzere wofiira kunsi kwake.

Ku Blantyre zonsezi zinali zopepuka. Kampani ya Yotamu inali ndi inshuwalansi ya zachipatala ya antchito ndi mabanja awo, ndipo inkalipira mapiritsi ndi kuyeza komwe. Keziya ankaweruka kusukulu, kukwera basi, kukapereka mkono, mawa lake nambala yatuluka. Zaka zitatu zinatha choncho.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1989 kunabwera lamulo lakuti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo. Panalibe wofunsa kuti nanga odwala, nanga apabanja. Masiku amenewo funso lotere unkalifunsira mumtima, ndipo ngakhale pamenepo unkayamba wacheuka. Keziya anapatsidwa sukulu ya kufupi ndi Mwenilondo.

Yotamu anafuna kusiya ntchito kuti apitire limodzi. Anakafunsa ku ofesi ya inshuwalansi, kumene bambo wina wa tayi anamufotokozera mokoma, akumwetulira, kuti tsiku losiya ntchito ndi tsiku lomwelo dzina la mkazi wake lidzafufutidwe m'buku. Anawonjeza kuti iwo amalipira kuyeza pa zipatala zimene zili pamndandanda wawo basi, ndipo chapafupi kwambiri ndi Karonga chinali ku Lilongwe. Chapafupi! Ulendo wa masiku awiri pabasi. Bamboyo Karonga ayenera kuti ankangomuona pamapu a kusukulu. Motero inshuwalansi imene inkasunga moyo wa Keziya ndi yomwenso inalekanitsa banjalo. Yotamu ndi Ruth anatsala ku Limbe, Keziya nakwera lole ndi sutikesi, matiresi, botolo la mapiritsi ndi kabuku kake, ulendo wa kwa apongozi.

Tsono kwa Ankhonde osunga mwambo, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, saonana ndi apongozi ake aamuna. Sawayang'ana kumaso, salankhula nawo, satchula dzina lawo. Akawaona akubwera panjira amapatukira kutchire n'kufunda chitenje kumutu mpaka adutse. Mabanja ena anali atayamba kuzisiya zimenezi, koma osati kwa a Kenan Mwangomba, bambo a Yotamu. Keziya sankaonapo chovuta. Anakula akuona amayi ake akuchita zomwezo, ndipo ali ku Blantyre mwambowu sunkamuvutitsa, poti apongoziwo anali kutali. Tsopano anali pabwalo limodzi, nyumba ziwirizo zitalekanitsidwa ndi mzere wa nthochi.

A Kenan sanali munthu woopsa ayi. Anali nkhalamba yowonda, imene inaphunzira kukonza mawotchi ili mnyamata ku migodi ya ku Zambia, ndipo anthu ankangoitchula kuti Fundi, kutanthauza mmisiri. Tsiku lonse Fundi ankakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kathebulo kake, kagalasi kali padiso, akutokosa mawotchi a aphunzitsi ndi apolisi. Poyenda ankaimba mluzu, ndipo mluzuwo unali ndi ntchito yake: unkachenjeza mkamwana kuti apatuke. Ndiye taganizani, munthu wotere kumva kuti kuseri kwa nthochi zake kuli wotchi ya ku Joni yoyenda m'chifuwa cha munthu, koma iye yekha m'mudzi monse ndiye wosaloledwa kuyandikira! Ana asukulu anali ataimva, azimayi a kutchalitchi ataimva. Fundi ankangomeza malovu n'kumafunsa mkazi wake kuti, "Make Yotamu, kodi ikuyenda bwino? Siithamanga?"

Mawu onse a pakati pa awiriwo ankadzera mwa amayi Yunike, mkazi wa Fundi, mayi wamtima wabwino, woopa mkangano kuposa njoka. Ndipo apa ndi pamene panagona vuto. Keziya atangofika anawakhazika pansi amayiwo, nawawerengera kabuku konse, akumasulira m'Chinkhonde mzere ndi mzere. Anawapempha kuti akauze abambo kuti iye samwa mankhwala ena alionse, kaya a m'sitolo kaya a m'tchire. Amayi Yunike anavomera, nawoloka nthochi zija. Koma pofika pamtengo wa mango mawuwo anali atafewa. Mkamwana angatumize bwanji malamulo kwa apongozi ake? Anangoti, "Akuti wafika bwino, akupereka moni."

Kandimverere adakanena za m'maluwa. Fundi ankakumba mizu yolimbitsa mtima, kuiphika, n'kutumiza m'botolo. Keziya ankalandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Amama, ndinanena kale, ine sindingamwe," ndipo amayiwo akatembenuka ankathira mankhwalawo patsinde la nthochi. Amayi Yunike ankabwerera kwa mwamuna wawo n'kukanena kuti, "Wamwa. Akuti ndaga, wathokoza kwambiri." Fundi n'kumaimba mluzu mosangalala, nthochi ija n'kumanenepa.

Kuyeza kwa mwezi ndi mwezi kunasanduka kwa kamodzi pa teremu. Kuti mphunzitsi achoke sukulu ili mkati pankafunika kalata, ndipo mphunzitsi wakumpoto wopempha kalata yopitira kumene anachotsedwa, chaka chimenecho, ankaoneka ngati akutsutsa lamulo. Keziya anapita ku Lilongwe pa holide ya Ogasiti, khadi la chipani atalipana m'kabuku momwemo kuti lisasowe pokwera basi. Nambala inatuluka 3.4. "Ili m'malire," anatero adokotala osadzutsa mutu. "Mubwerenso pakatha milungu inayi." Keziya anafuna kufotokoza, koma pamzere panali anthu ambiri, ndipo sankadziwa amene anali kumbuyo kwake.

Pakati pa maulendowo ankadzilondera yekha. M'mawa akatsuka mkamwa ankalavulira patsamba la nthochi n'kuyang'anitsitsa malovuwo. Posamba ankafufuza mikwingwirima m'ntchafu ndi m'mikono. Nsomba ankatumbula pang'onopang'ono, moti anzake ankamuseka kuti ulesi wa m'tauni, osadziwa kuti akuopa mpeni. Mutu ukamupweteka ankaganiza kuti magazi akukha muubongo. Dzanja likachita dzanzi ankaganiza kuti aundana. Pakati pa phunziro ankatha kusiya choko n'kulamula kuti aliyense akhale chete, ana n'kumayesa kuti wakwiya, chikhalirecho akumvetsera ngati kachitsulo kakugundabe momveka. Mantha amenewa sankawalemba m'makalata a kwa Yotamu. Makalata ankatha kutsegulidwa panjira, ndiponso mwamunayo akanachitapo chiyani? Ankangolemba kuti wotchi ikuyenda.

Munthu mmodzi amene ankamumvetsa anali Dora, namwino wa pakachipatala kapafupi, mtsikana wa ku Dedza amene dzuwa la ku Karonga linkamuliza tsiku ndi tsiku. Dora analibe zoyezera zoyenera. Ankangobaya chala cha Keziya, kudontheza magazi pakagalasi, n'kumayang'ana kuti aundana patatha mphindi zingati. "Aphunzitsi, musazikhulupirire izi," ankatero. "Uku n'kuyeza kuya kwa chitsime ndi maso. Koma bola kusiyana n'kungokhala."

Okutobala anabwera ndi moto wake, sukulu n'kutsegulidwa. Keziya ankabwerera kunyumba wapansi dzuwa lili paliwombo, ndipo mutu unayamba kumupweteka tsiku lililonse mpaka kumanga kansalu pachipumi. Amayi Yunike anakanena pamtengo wa mango. Mawa lake Fundi anapalasa njinga mpaka paboma, nagula asipirini wa m'kabotolo, wochokera ku Tanzania, amene anthu ankamutama kuti ndi wamphamvu. "Mizu yanga ndi ya mtima," anatero popereka kwa mkazi wake. "Mutu umafuna dawa yachizungu. Awiri m'mawa, awiri madzulo."

Amayi Yunike anaima pakati pa nthochi, kabotolo kali m'manja. Ankadziwa kuti mkamwana akana. Ankadziwanso kumene mizu ija inkathera, poti nthochi siinama. Za mzere wofiira uja anali ataiwala kalekale. M'mutu mwawo zoopsa zinali za m'tchire, koma timapiritsi toyera ta m'sitolo, timene munthu aliyense amamwa, tingaphe ndani? Mwana wa eni akuzunzika ndi mutu, mankhwala alipo, ndiye atayidwe chifukwa cha makani a anthu ophunzira? Anatenga awiri, kuwaphwanya ndi supuni, n'kuwasakaniza m'chambiko, mkaka wowawasa uja umene Keziya ankamwa m'mawa ndi madzulo. Chambiko n'chowawasa kale, sichiulula kanthu.

Mutu unalekadi. Keziya anathokoza Mulungu, amayi Yunike namwetulira kumbali.

Atamwa chambikocho masiku asanu, malovu a patsamba anatuluka ofiirira. Patapita masiku ena awiri anapeza mkwingwirima waukulu ngati chikhatho pantchafu, osakumbuka kuti anadzigunda pati. Anakhuthula mapiritsi a m'botolo n'kuwawerenga kawiri, kuopa kuti mwina tsiku lina anameza awiri, koma anali okwanira. Anaganiza za zakudya, osapeza chimene anasintha. Anathamangira kwa Dora, ndipo magazi a pakagalasi anachedwako pang'ono, osati kwambiri.

"Mwamwa china chilichonse?" anafunsa Dora. "Ngakhale cha mutu?"

Keziya anakanitsitsa, poti ankanena zoona. Anagwirizana kuti Lolemba akapemphe kalata ya ku Lilongwe, zivute zitani.

Magazi sanadikire Lolemba. Loweruka mudzi wonse unapita kumaliro kutsidya kwa msewu waukulu, amayi Yunike ali momwemo. Keziya anatsala chifukwa cha chizungulire. Fundi anali atakapepesa kale dzulo lake, ndipo anatsala akuyang'anira ng'ombe yodwala. Cha m'ma teni koloko, Keziya akuchonga makope pakhonde, dontho lofiira linagwera pasamu ya mwana wina. Anayesa kuti ndi inki. Linagwa lachiwiri, lachitatu. Anatsina mphuno n'kuweramira kutsogolo monga kabuku kankanenera, nadikira mphindi khumi. Atasiya, magazi anangopitiriza pamene analekezera. Anatsinanso. Tsopano ankatsikira kukhosi, mkamwa monse muli mchere. Chitenje choyamba chinanyowa, natenga chachiwiri. Ola linatha. Ataimirira kuti apite yekha kwa Dora, bwalo lonse linazungulira, nagwa chogwada. Kachitsulo kankathamanga moti iye mwini sanakamvepo kakutero.

Kuseri kwa nthochi kunkamveka mluzu.

Keziya anakhala pansipo akumvetsera mluzuwo, ndipo musaseke, chimene chinamulemera kwambiri pa mphindi imeneyo si imfa ayi, koma manyazi. Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati wake sanalankhulepo ndi apongozi akewo. Akanawaitana kuti chiyani, poti dzina sangatchule? Anaganiza zodikira amayi, koma maliro akwathu kuno satha dzuwa lisanapendeke. Anaganiza za Ruth, amene anali asanakwanitse n'komwe zaka khumi. Anakwawa mpaka panthochi, nafunda kumutu chitenje chamagazicho, n'kuitana ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire.

"Tata!"

Mluzu unaduka.

"Tata, ndine. Magazi sakuleka. Ndikufa."

Kenako anamva mpando ukugwa, mapazi akubwera n'kuima kutsidya kwa nthochi. Fundi analankhula atayang'ana kumbali, ngati akufunsa ng'ombe zake.

"Amene ali kuseri kwa nthochiyo angathe kukhala panjinga?"

"Angathe, tata. Koma haraka, fulumirani."

Nkhalamba ija inatulukira ikukankha njinga, nkhope italoza kumwamba. Inaima, n'kupereka msana. Keziya anakwera pakaliyala movutikira, dzanja limodzi lili pamphuno, lina likusowa pogwira.

"Gwira malaya," anatero Fundi. "Malaya si munthu."

Njira ya kuchipatalako ndi yamchenga, ndipo Fundi anali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Anapalasa mpaka mitsempha ya m'khosi kuimirira. Azimayi awiri ochokera kunkhuni anawaona, nagwira pakamwa: Fundi wanyamula mkamwana! Iye sanacheuke. Atadutsa pachigayo mphamvu zinamuthera Keziya, mutu n'kugwera kutsogolo, chifuwa chake n'kutsamira msana wa apongozi ake. Pamenepo ndi pamene Fundi anaimva koyamba wotchi imene anailakalaka zaka zitatu. Sanakondwere nayo ngakhale pang'ono. Khutu lake linali la ntchito, ndipo linamuuza zoipa.

"Ikuthamanga," anauza mahandulo a njinga. "Ikuthamanga chomene. Mwana wanga, usagone yayi. Werenga nane. Wani, thu, firii..."

Anafika akuwerenga awiriwiri, ngati ana a Sitandade Wani.

Dora atawaona sanafunse kanthu. Anamugoneka Keziya, kumutseka mphuno ndi thonje mpaka mkati, kumuika diripi, natuma mlonda panjinga ya Fundi yomweyo kukaitanitsa galimoto paboma. Kenako anatulutsa kabotolo kakang'ono ka kuchipinda cha azimayi obereka, ka mankhwala othandiza magazi kuundana amene amabaya ana obadwa kumene. Anakagwira nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, mundimvere," anatero. "Ndikakupatsani ambiri, magazi akaundana pakachitsulo. Ndikapanda kukupatsani, muthera pano. Nambala yanu sindikuidziwa. Ndikupatsani pang'ono chabe, zinazo Mulungu."

Keziya anavomera ndi zikope.

Galimoto inachedwa. Cha m'ma thuu koloko amayi Yunike analowa akuthamanga, duku lili m'manja, uthenga utawapeza kumanda. Fundi anali atakhala panja kunsi kwa zenera, msana utatsamira khoma, malaya ali gwaa ndi magazi ouma. Dora anali atatopa, ndipo kutopa kunamuchotsa ulemu.

"Munthu uyu wamwa china chake!" anakalipa. "Wafarini yekha sangachite chonchi mwadzidzidzi. Ndani akumupatsa zinthu? Mizu? Makungwa? Nenani!"

Amayi Yunike anayang'ana pansi. Yankho linachokera panja, lodekha, la munthu wofuna kuthandiza.

"Palibe choipa, anesi. Asipirini basi, wabwino, wa ku Tanzania. Ndinagula ndine ndi manja anga. Awiri m'mawa, awiri madzulo. Mwini wake amathokoza."

Keziya anatembenuza maso pang'onopang'ono mpaka anafika pa apongozi ake aakazi. Amayi Yunike anakhala pansi pasimenti, miyendo tambalale, n'kuyamba kulira kuposa mmene analirira kumaliro kuja.

"M'chambiko, mwana wanga. Ndimaika m'chambiko. Mutu umakupweteka, ine ndimati ndikuthandize."

"Bambo," anatero Dora polankhulira pazenera, tsopano motsitsa, "asipirini ndi amene walembedwa pamwamba penipeni m'kabuku kawo. Kwa munthu uyu ndi poizoni. Sanakuuzeni?"

Panja Fundi anaimirira.

"Make Yotamu," anatero Fundi. "Anandiuza?"

"Ananena, bambo a Yotamu. Tsiku lomwe anafika. Ine ndinaona kuti si ulemu."

"Nanga mizu ija?"

"Imamwa ndi nthochi."

Galimoto itabwera Fundi anapita kukaima kuseri kwa chipatala mpaka inanyamuka.

Keziya anagona kuchipatala cha paboma milungu iwiri, ndipo aphunzitsi anzake awiri anamupatsa magazi. Yotamu anabwera atafiira maso, akulumbira kuti ntchito asiya ndipo makolo ake amva. Keziya anamuletsa zonse ziwiri. "Ukasiya ntchito wafufuta dzina langa m'buku lija," anamuuza. "Ndipo anthu awiriwo usawakhudze. Akudzilanga okha." Chimene Yotamu anapindula paulendowo ndi kalata ya adokotala, imene inachititsa a ofesi ya maphunziro kulola kuti Keziya azipita ku Lilongwe mwezi uliwonse. Zobwerera ku Blantyre a ofesiwo anakana, ndipo panalibe wofunsanso kawiri.

Atabwerera kumudzi anapeza pabwalo pali chete. Mluzu kunalibe. Amayi Yunike ankabweretsa chambiko n'kuyamba amwako okha pamaso pake, misozi ili m'maso, ngakhale Keziya anawauza kuti asamatero. Pamtengo wa mango kathebulo kanali kovundikira. Zinamupweteka Keziya kuposa mmene ankayembekezera. Anali atazolowera mluzu uja osadziwa.

Tsiku lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, anamva mpando ukukokedwa mpaka kutsidya kwa nthochi. Pakati pa masamba anaona msana wa malaya oyera.

"Amene ali ndi kabuku kachikasu," anatero Fundi, "akatenge, andiwerengere. Konse."

Amayi Yunike anatuluka m'khitchini akupukuta manja. "Bambo a Yotamu, anthu anena kale zambiri. Andiuze ine, ndidzakuuzani."

"Iwe wandiuza zokwana," anayankha Fundi, osakalipa. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikudya ndaga, ndaga, mpaka ndinatsala pang'ono kuika mwana wa eni m'manda ndi manja anga. Tsopano ndikufuna ndimve ayi wake ndi makutu angawa. Kumuona sindimuona. Maso anga ali kumango."

Keziya anatenga kabuku, nakhala pamphasa kumbali yake ya nthochi, chitenje chili kumutu. Anawerenga za sikisi koloko, za nambala, za mikwingwirima, za malovu. Kenako anafika pamzere wofiira, nawerenga za asipirini.

"Bwereza pamenepo," anatero Fundi.

Anabwereza.

"Ndiye ndikakutumizira dawa ina iliyonse, uziti chiyani?"

"Ndiziti ayi, tata."

"Kwezako. Ndine wokalamba."

"Ayi, tata!"

"Ndaga," inatero nkhalambayo, n'kunyamula mpando wake.

Kuyambira pamenepo, ikakwana sikisi koloko pawotchi ya Fundi, imene sinkataya ngakhale mphindi, mluzu unkalira katatu kuseri kwa nthochi, Keziya n'kumeza kapiritsi kake. Anthu ananena zonena zawo, ena kuti Fundi wasokonezeka, ena kuti mkamwana wophunzira wawononga mudzi, mpaka anatopa. Keziya sanawayang'anepo kumaso apongozi ake mpaka tsiku limene nkhalambayo inamwalira, patapita zaka zinayi. Akanawapeza pagulu la nkhalamba zina atakhala chete, mwina sakanawazindikira. Koma msana wawo ankaudziwa bwino, chifukwa mwezi uliwonse, tsiku la ulendo wa ku Lilongwe, ndi iwo ankamuperekeza panjinga kukakwera basi. Panjinga mwambo suvuta: wina amayang'ana kutsogolo, wina kumbali.

Mantha sanathe ayi. Lilongwe anali kutali chimodzimodzi, ndipo m'mawa uliwonse wa ulendo Keziya ankanyamuka osadziwa kuti nambala ikatuluka yotani. Koma panali kamtsetse kena kasanafike msewu waukulu, pamene njinga imayenda yokha. Akafika pamenepo Fundi ankasiya kupalasa, kusiya mluzu, n'kupendeketsa mutu pang'ono. Keziya ankadziwa chimene akufuna, ndipo ankasendera kufupi ndi malaya aja, osapuma. Njinga inkatsetsereka mwakachetechete, awiriwo akumvetsera.

"Ikuyenda," Fundi ankauza mahandulo.

"Ikuyenda, tata."

Akatero ankayambanso kupalasa.